KELOWNA, MZINDA WA PANYANJA KUMENE ALENDO AMAPITA M'MAGULU KUKAGULA KWA MLIMI

Wolemba Mtola Nkhani Wathu

CAKA ndi caka miyezi ya Julayi ndi Ogasiti ikafika, pamene ife kuno tiri kuotha moto ndi kutong'ola cimanga, ku dziko la Canada kumakhala kotentha, masukulu atatseka, ndipo anthu ambiri amakhala pa chuthi. Pa nyengo imeneyo misewu yocokera ku mizinda ya Vancouver ndi Calgary imadzaza ndi mabasi ndi magalimoto olowera ku Kelowna, mzinda umene uli m'mbali mwa Nyanja ya Okanagan, m'cigawo ca British Columbia kumadzulo kwa dzikolo. Alendo ambiri amapita m'magulu: a pa banja limodzi, anchito a pa kampani imodzi, okalamba amene anapuma pa nchito, ndiponso operekeza mkwati ndi mkwatibwi amene asankha kukamangira ukwati wao pakati pa minda ya mphesa.

Dziko la Canada liri ndi nyanja zosawerengeka, ndipo munthu wongofuna kusamba akhoza kupeza madzi pafupi ndi kwao. Cimene cimakokera magulu ku Kelowna ndi minda ya zipatso ndi vinyo wocokera ku mphesa za m'cigwaco. Kwa mlimi wa kumeneko, basi yodzaza alendo ndi msika umene wadza wokha pakhomo pace. Cifukwa ca ici moyo wa mlimi ndi ulendo wa mlendo zinalukana, kotero kuti tsoka likagwera mmodzi limakhudzanso mnzace, monga momwe zinaonekera m'zaka za 2023 ndi 2024.

MALO ACE NDI ENI ACE

Nyanja ya Okanagan ndi yaitali makilomita 135, koma ndi yopapatiza, pakuti m'malo ambiri m'lifupi mwace simupitirira makilomita 5. Pamalo pozama koposa pamafika mamita 232. Mbali zonse ziwiri kuli mapiri, ndipo minda inalimidwa m'munsi mwa mapiriwo moyang'anana ndi madzi. Madzi oculuka cotere amacedwa kutentha, amacedwanso kuzizira. Motero nyanjayo imacepetsa ukali wa cisanu m'minda yoyandikana nayo, ndipo mitengo imene ikanafa m'madera ena a Canada imabereka bwino kumeneko.

Eni nthaka a m'cigwaco ndi anthu a mtundu wa Syilx, amene anakhalamo kalekale Azungu asanafike. Dzina lakuti Kelowna linacokera ku cinenero cao, ndipo limanena za cimbalangondo cacikulu ca m'mapiri. M'caka ca 1859 kunafika wansembe wa Cikatolika wocokera ku France, Bambo Charles Pandosy, amene anayambitsa mishoni ndi kubzalapo mitengo ya zipatso ndi mphesa. Atsamunda ataculuka, anthu a Syilx anapanikizidwira m'malo aang'ono amene Boma linawapatulira, ndipo nthaka yaikulu inagwa m'manja mwa obwera. Amene akhala tsidya la kumadzulo kwa nyanja, ochedwa Westbank First Nation, analandira mphamvu zodzilamulira okha pa malo ao m'caka ca 2005.

Ulimi wa zipatso wogulitsa unakula kuyambira m'caka ca 1890, pamene Lord Aberdeen wa ku Scotland, amene pambuyo pace anakhala Bwanamkubwa wa Canada, anagula malo pafupi ndi Kelowna nabzala maapulo. Anthu ena a ku Britain atamva mbiriyo anatsatira. Pamene Kelowna unalembedwa kukhala mzinda m'caka ca 1905 munali anthu pafupi-fupi 600 cabe. Pa kalembera wa m'caka ca 2021 anawerengamo anthu 144,576.

MADZI NDI CIGWIRIZANO

Mlendo woona kubiriwira kwa minda angaganize kuti kumeneko kumagwa mvula yambiri. Zoona zace n'zakuti madzi onse ogwa kucokera kumwamba pa caka, kuphatikizapo cipale cofewa ca nyengo yozizira, safika pa mamilimita 400, pamene ku Chipata mvula imafika ca m'ma 1,000. Dera losathiriridwa limangomera udzu wouma ndi zitsamba. Zipatso zonse zimene alendo amadya zimakula ndi madzi othirira, ambiri a iwo ocokera m'madamu a m'mapiri kumene cipale cimasungunukira.

Poyamba madziwo anali m'manja mwa makampani ogulitsa malo, amene anakhoma ngalande za matabwa zotsika m'mapiri. Ngalandezo zitayamba kuola ndi kudontha, makampani analibe ndalama zozikonzera. Tsono ca m'ma 1920 alimi anapanga mabungwe ao oyang'anira madzi, anasankha atsogoleri pakati pao, ndipo aliyense anayamba kulipira molingana ndi kukula kwa munda wace. Masiku ano madzi amayenda m'mapaipi, ndipo m'minda yambiri amadonthera pa tsinde peni-peni kuti asaonongeke.

Bvuto lina linali msika. M'zaka za m'ma 1930, cuma ca dziko lonse lapansi citalowa pansi, ogula anali kukanganitsa alimi, uyu kumuuza kuti mnzace watsitsa mtengo, mpaka mlimi anali kulandira ndalama zosakwanira ngakhale kulipira othyola. M'caka ca 1933 alimi a ku Kelowna anapangana kuti ngati salandira senti imodzi pa paundi iriyonse ya maapulo, zipatsozo ziolere pansi. Iwo pamodzi ndi mabanja ao anakaima pa njanji kuti sitima isatuluke ndi maapulo a anthu okana panganolo. M'caka ca 1936 kunabadwa bungwe la BC Tree Fruits, limene posakhalitsa linakhala khomo limodzi logulitsira zipatso za alimi onse. M'caka ca 1946 alimi anayambitsanso kampani ya Sun-Rype yofinya madzi a maapulo osaoneka bwino, amene kale anali kungotayidwa. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo alimi a ku Okanagan anaona umboni wace m'matumba mwao.

Mzinda utayamba kukula, omanga nyumba anayamba kusirira minda ya m'mbali mwa nyanja. M'caka ca 1973 Boma la cigawo linaika lamulo lopatula nthaka yabwino kuti ikhale ya ulimi wokha. Lamulo limeneli ndilo lacititsa kuti mpaka lero basi ikatuluka pakati pa mzinda, pasanapite mphindi zambiri imakhala iri kale pakati pa mitengo ya zipatso.

MBIRI YA VINYO

Kampani yakale koposa yopanga vinyo imene ikali kudziwika m'cigawoco ndi Calona, imene inayamba m'caka ca 1932. Colinga cace coyamba cinali kupezera nchito maapulo osowa msika. Mmodzi wa oiyambitsa anali W.A.C. Bennett, wogulitsa zipangizo za m'nyumba amene iye mwini sanali kumwa mowa, ndipo pambuyo pace anakhala Nduna Yaikulu ya cigawo kuyambira 1952 kufikira 1972. Vinyo wa maapulo sanakome, motero patapita zaka zocepa kampaniyo inatembenukira ku mphesa.

Kwa zaka zambiri vinyo wa ku Okanagan anali wochipa ndi wosachuka, wotetezedwa ndi misonkho imene Boma linaika pa vinyo wa kunja. M'caka ca 1988 dziko la Canada linasaina pangano la malonda ndi United States, ndipo citetezo cija cinayamba kutha. Boma linalipira alimi kuti azule mphesa za mitundu yosapikisana pa msika, ndipo pafupi-fupi magawo awiri mwa atatu a minda ya mphesa anazulidwa. Otsala anabzala mitundu ya ku Ulaya monga Chardonnay, Riesling, Merlot ndi Pinot Noir. M'caka ca 1990 anakhazikitsa cizindikiro ca VQA, cotsimikizira wogula kuti vinyo wa m'botolo wacokeradi ku mphesa za m'cigawoco. M'caka ca 1994 vinyo wa kampani ya Mission Hill, ya tsidya la nyanja, anapambana cikho pa mpikisano waukulu ku London, ndipo kuyambira pamenepo alendo anayamba kubwera cifukwa ca vinyo weni-weniyo.

Tsopano pafupi ndi Kelowna pali malo opangira vinyo oposa 40, ndipo m'cigwa conse alipo oposa 150. Ambiri ndi a mabanja, ndipo gawo lalikulu la ndalama zao amalipeza pogulitsa mabotolo kwa alendo pakhomo, popanda munthu wapakati wodyapo.

KUKONZA ULENDO WA GULU

Kucokera ku Vancouver kufika ku Kelowna pali makilomita pafupi-fupi 390, ulendo wa maola anai kapena asanu. Msewu wa Coquihalla, umene unatsegulidwa m'caka ca 1986, ndi wina woulumikiza ku cigwa wa m'caka ca 1990, ndiyo inafupikitsa ulendowo. Msewu waciwiriwo umakwera mpaka mamita 1,728 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala lamulo limafuna kuti galimoto likhale ndi matayala oyenera cipale. Ocokera ku Calgary amayenda makilomita pafupi-fupi 600 kudutsa mapiri a Rockies. Kampani ya mabasi ya Greyhound, imene inatumikira anthu zaka zambiri, inaleka kuyenda kumadzulo kwa Canada m'Okutobala 2018, ndipo makampani ena aang'ono ndiwo analowa m'malo mwace. Mzindawo uli ndi bwalo la ndege, koma magulu ambiri amasankha kubwereka basi yaoyao, pakuti ndalama za mafuta ndi za woyendetsa zikagawidwa pa anthu ambiri, mtolo wa aliyense umapepuka.

Cinthu coyamba cimene gulu liyenera kumvana ndi mwezi wopitira, cifukwa cipatso ciriconse ciri ndi nthawi yace. Mitengo imacita maluwa m'Epulo ndi Meyi. Macheri, tizipatso tofiira tokula ngati masau, amapsa m'Julayi. Maapurikoti amatsatira, mapicesi amaculuka m'Ogasiti, mapeyala amadza Ogasiti akutha, ndipo maapulo ndi mphesa zimathyoledwa m'Sepitembala ndi Okutobala. Gulu la ana ofuna kusamba m'nyanja limasankha Julayi kapena Ogasiti, pamene mahotela amakhala odzaza ndi odula. Okalamba ndi okonda vinyo amakonda Sepitembala, kutentha kutacepa ndipo ana atabwerera ku sukulu. Pali ngakhale vinyo wa nyengo yozizira, wotsekemera kwambiri, amene mphesa zace zimasiyidwa kumtengo mpaka zitaundana, n'kuthyoledwa kuzizira kukafika madigiri 8 pansi pa ziro, kawiri-kawiri usiku.

Caciwiri ndi malo ogona. Magulu a mabanja anazolowera kubwereka nyumba yathunthu ya m'mbali mwa nyanja kwa sabata imodzi, kuti aziphika okha. Koma eni nyumba ataona kuti alendo amalipira bwino koposa anthu okhalitsa, nyumba zobwereka zinasowa kwa anchito a mumzindamo, ndipo lendi inakwera. Pa 1 Meyi 2024 lamulo la cigawo linayamba kugwira nchito loletsa, m'mizinda yambiri kuphatikizapo Kelowna, kubwereketsa kwa masiku ocepa nyumba imene mwini wace sakhalamo. M'caka cimeneco magulu ambiri anabvutika kupeza nyumba zazikulu. Wotsogolera gulu wanzeru amafunsa miyezi ingapo ulendo usanafike, amaonetsetsa kuti nyumbayo ndi yololedwa, ndipo amasonkhetsa ndalama pang'ono-pang'ono monga momwe acitira a cilimba, m'malo moyembekezera sabata yomaliza.

Cacitatu ndi woyendetsa. M'cigawo ca British Columbia munthu saloledwa kumwa mowa asanakwanitse zaka 19. Kuyambira m'caka ca 2010, wapolisi akapeza woyendetsa ali ndi mowa wofika pa muyezo wa 0.05 m'magazi, akhoza kumulanda laisensi pomwepo kwa masiku atatu ndi kugwira galimoto lace. Wofika pa 0.08 akhoza kuzengedwa mlandu waukulu. Pa malo opangira vinyo mlendo amapatsidwa tolawa tinai kapena tisanu, ndipo gulu likayendera malo anai pa tsiku, tolawato timaunjikana. N'cifukwa cace ku Kelowna kuli makampani ambiri a timabasi tonyamula alendo kucokera ku hotela ndi kuwabwezera madzulo, woyendetsa wace osalawako ngakhale dontho. Gulu lopita pa galimoto lao limasankhiratu mmodzi amene tsikulo adzamwa madzi a maapulo okha.

Cacinai ndi kudziwitsa eni malo. Cipinda colawiramo vinyo pa munda wa banja cimakhala cacing'ono, ndipo anthu 30 akangotulukira mosayembekezeka, otumikira amasokonezeka. Malo ambiri amafuna kuti gulu lalikulu lipangane nao tsiku ndi ola. Amalipiritsa kandalama kolawira, koma ena amakacotsa munthu akagula botolo. M'minda ina alendo amapatsidwa ndowa kuti athyole okha zipatso, n'kulipira molingana ndi kulemera kwace pa sikelo. Mlimi amawalangiza kuti asathyole timphukira timene tidzabereka caka ca mawa, pakuti dzanja losazolowera likhoza kuononga zokolola za nyengo ziwiri.

Gulu siligwirizana pa zonse. Mumakhala ena osamwa mowa, ana, ndi okalamba osatha kuyenda mtunda wautali. Otsogolera ozolowera amagawa tsiku: m'mawa onse ku munda wa zipatso, masana ena ku vinyo ena ku gombe, madzulo onse pa cakudya cimodzi. Amalembanso poyera ndalama zimene zalowa ndi zimene zatuluka, popeza maulendo ambiri a abale amaonongeka ndi nkhani ya ndalama.

ZOKAONA

Pakati pa mzinda pali nyumba ya njerwa yochedwa Laurel Packinghouse, yomangidwa m'caka ca 1917, mmene kale anali kusankhiramo ndi kulongedzeramo maapulo m'mabokosi a matabwa. Tsopano muli cionetsero ca mbiri ya zipatso ndi vinyo. Nyumba za mitengo za pa mishoni ya Bambo Pandosy zinasungidwanso kuti anthu azikaziona. Tsidya la nyanja anthu a Syilx ali ndi nyumba yao yosungiramo mbiri, kumene amafotokoza okha za makolo ao. Amalongosolanso kuti cilombo ca m'nyanja cimene ogulitsa zidole amacicha Ogopogo, kwa iwo ndi mzimu wopatulika wa madzi, woyenera kuulemekeza.

Kale sitima za m'madzi ndizo zinali kunyamula anthu ndi zipatso pa nyanjayo. Imodzi mwa izo, SS Sicamous ya m'caka ca 1914, inakokeredwa kumtunda ku Penticton, kumapeto a kummwera kwa nyanja, makilomita pafupi-fupi 60 kucokera ku Kelowna, ndipo alendo amalowamo. M'caka ca 1958 Princess Margaret anatsegula ulalo woyandama pa madzi wolumikiza Kelowna ndi tsidya lina. Ulalo watsopano, umenenso mbali yace imayandama, unalowa m'malo mwace m'caka ca 2008.

M'mapiri a kummwera ca kum'mawa kwa mzinda muli Myra Canyon, mmene munadutsa njanji ya Kettle Valley imene inayamba kugwira nchito ca m'ma 1915. Kuti sitima izungulire cigwembe cozamaco, katswiri wace Andrew McCulloch anamanga maulalo 18 ndi kuboola mapanga awiri pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 12. Zitsulo za njanji zinacotsedwa, ndipo njirayo inasanduka ya oyenda pansi ndi okwera njinga. Popeza sitima sikwera citunda cacikulu, njirayo ndi yosalala, ndipo agogo ndi adzukulu amayendamo limodzi.

Magulu a alimi amakonda kupita ku Summerland, kumene kuli malo a Boma ofufuzira za ulimi oyambitsidwa m'caka ca 1914. Kumeneko ndiko kunacokera apulo wa Spartan m'caka ca 1936, ndi macheri a Lapins amene tsopano amalimidwa m'maiko ambiri. Kummwera kweni-kweni, ku Osoyoos, kuli Nk'Mip Cellars, malo opangira vinyo amene anatsegulidwa m'caka ca 2002, oyamba ku North America kukhala a eni nthaka.

Mlendo wacidwi amaonanso anthu amene ali pa makwerero m'minda. Ambiri mwa othyola zipatso amacokera ku Mexico ndi ku Jamaica pa mapangano a nyengo imodzi, ena ndi acinyamata ocokera ku Quebec. Minda yambiri lero iri m'manja mwa mabanja amene makolo ao anacokera ku Punjab, m'dziko la India. Popanda manja amenewa sipakanakhala cipatso pa thebulo la m'mbali mwa msewu.

Kuculuka kwa alendo kunabweretsapo manyazi. Mzindawo unali ndi cikondwerero ca mipikisano ya mabwato cimene cinayamba m'caka ca 1906. M'zaka za 1986 ndi 1987 makamu oledzera anacita cipolowe, kuswa magalasi a masitolo ndi kumenyana ndi apolisi, ndipo cikondwerero ca zaka 80 cinathera pomwepo.

MOTO NDI CISANU

Dziko louma ndi lotentha limapsa msanga. M'Ogasiti 2003 mphezi inayatsa moto m'nkhalango ya kummwera kwa mzinda. Unatentha nyumba 239, anthu pafupi-fupi 27,000 anathawa m'makomo mwao, ndipo maulalo 12 a matabwa a ku Myra Canyon anapsa. Anamangidwanso, n'kutsegulidwa m'caka ca 2008.

Patapita zaka 20, m'Ogasiti 2023, moto wa McDougall Creek unatsika m'mapiri a tsidya la kumadzulo, ndipo mphepo inaulutsira makala kuoloka nyanja. Nyumba zoposa 150 zinapsa, pamodzi ndi hotela yakale ya alendo ya Lake Okanagan Resort. Pa 19 Ogasiti Boma la cigawo linaletsa anthu a maulendo osafunikira kweni-kweni kukagona m'mahotela a ku Kelowna ndi mizinda yoyandikana nayo, kuti zipinda zisungidwire othawa moto ndi ozimitsa. Ciletsoco cinacotsedwa patapita masiku owerengeka, koma magulu ambiri anali atafafaniza kale maulendo ao. Mapicesi anali atapsa m'mitengo, ogula kunalibe. Utsi nawonso umaononga, pakuti ukakhalitsa m'munda umalowa m'khungu la mphesa, ndipo vinyo wace amamveka phulusa.

Alimi asanapume, m'Januwale 2024 kunadza cisanu coopsa. M'masiku ocepa kuzizira kunatsika kupitirira madigiri 25 pansi pa ziro, nyengo itayamba yakhala yofunda, mitengo isanakhwimire cisanu. Ngakhale nyanja sinathe kuiteteza. Timphukira ta mphesa tinafa, ndipo bungwe la opanga vinyo linalengeza kuti pafupi-fupi zokolola zonse za mphesa za caka cimeneco zatayika. Mapicesi ndi maapurikoti anasowa, macheri anacepa kwambiri. Alendo amene anafika m'Ogasiti 2024 anapeza mathebulo a m'mbali mwa msewu alibe mapicesi a m'cigwamo. Pofuna kuti anchito asacotsedwe, Boma linalola opanga vinyo kugula mphesa kunja, makamaka ku United States, malinga alembe zoona pa botolo.

M'Julayi caka comweco bungwe la BC Tree Fruits, litatumikira zaka 88, linalengeza kuti latseka, cifukwa ca ngongole, kucepa kwa zipatso ndi kubvuta kwa msika, mamembala ace atakhalanso akukangana pa kayendetsedwe kace. Mabanja a alimi oposa 200 anatsala opanda kosungira maapulo ao, nyengo yothyola iri pafupi. Ena anathamangira ku makampani a anthu, ena anadalira kugulitsa pakhomo. Pamenepo ndipo kufunika kwa mlendo wogula bokosi lathunthu kunaoneka poyera.

ZIMENE MAGULU APHUNZIRA

Zocitika izi zasintha kakonzedwe ka maulendo. Wotsogolera gulu tsopano amafunsa, asanapereke ndalama ya cikole, ngati idzabwezedwa moto ukabuka kapena msewu ukatsekedwa, monga momwe msewu wa Coquihalla unatsekedwera m'Novembala 2021 madzi osefukira atakokolola maulalo. Amamvera zilengezo za Boma za moto ndi za utsi, makamaka ngati m'gulu muli ana kapena odwala cifuwa. Amakumbutsa anzace kuti m'nyengo youma kusonkha moto kuthengo kumaletsedwa, ndipo kotsalira ka fodya kotayidwa pa zenera la basi kakhoza kupsereza mudzi. Magulu ena asamutsira maulendo ao ku Juni kapena kumapeto kwa Sepitembala, pamene ngozi ya moto imacepa ndipo mitengo ya mahotela imatsika.

Alimi naonso sanakhale manja lende. Ambiri anazula mphesa zakufa n'kubzala zina, ena akuyesa mitundu yopirira cisanu. Mpesa watsopano umatenga zaka zitatu kapena zinai usanabereke mokwanira, ndipo pa zaka zimenezo banja liyenera kudya ndi kulipira ngongole. Ndiye cifukwa cace pa minda yambiri mupeza kanyumba kodyeramo, malo ocitira maukwati, sitolo ya jamu ndi madzi a zipatso, ngakhale ngolo yokokedwa ndi thalakitala yoyendetsa ana m'mizere ya maapulo. Zonsezi ndi njira zopezera ndalama pa munda womwewo pamene mtengo ukali kukula.

Awerengi athu amene amalima adzazindikira zambiri m'nkhaniyi, ngakhale kuti zipatso zace ndi zacilendo. Dera la mvula yocepa linasanduka munda cifukwa alimi anasunga madzi ndi kuwagawana mwa cilungamo. Anapeza mtengo wabwino pamene anagulitsira pamodzi, ndipo anabvutika pamene bungwe lao linagwa. Alendo a m'mabasi amabwera kudzaona zimene khasu ndi madzi zinapanga, ndipo ndalama imene amasiya pakhomo pa mlimi ndiyo imathandiza kuti mundawo usagulitsidwe kwa omanga nyumba. Gulu lopita ku Kelowna likakonzekera bwino, likafika pa nthawi imene linapangana, likasankha woyendetsa wosamwa, ndipo likagula kwa mwini munda, limabwerera kwao ndi mabokosi a zipatso, ndipo mlimi amatsala ndi mphamvu zobzalira caka cina.